Thupi Lalikulu, Magazi Ochepa: Maphunziro a Kadyedwe Afikenso kwa Amayi Onenepa ku Nkhata Bay

NKHATA BAY – Kwa zaka zambiri nkhani ya kadyedwe m'dziko muno yakhala ikukambidwa ngati nkhani ya njala ndi ya ana onyentchera. Zimenezi n'zomveka ndithu, pakuti kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016, wotchedwa Malawi Demographic and Health Survey, anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anaulula chinanso chimene ambiri sanachilabadire. Mwa amayi 100 alionse a zaka zapakati pa 15 ndi 49, amayi 21 anali olemera kupyola muyeso kapena onenepa kwambiri, pamene owonda mopitirira anali 7 okha. Mu 1992 amayi olemera kupyola muyesowo anali pafupifupi 10 mwa 100. Ndiye kuti m'zaka zosakwana 25 chiwerengero chawo chinawirikiza kawiri.

Kafukufuku wina, amene bungwe la MEIRU linachita pakati pa 2013 ndi 2016 m'midzi ya kum'mwera kwa boma la Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, anayeza anthu akuluakulu oposa 28,000. Kumudzi amayi 27 mwa 100 anali olemera kupyola muyeso, pamene abambo anali 9 okha. Mumzinda amayi anali 44 ndipo abambo anali 18. Midzi ya ku Karonga imeneyi ili m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, ndipo anthu ake amadalira ulimi ndi usodzi monga a kuno. Tauni ya Nkhata Bay, imene pa kalembera wa mu 2018 inali ndi anthu pafupifupi 14,000, ili pakati pa moyo wa mitundu iwiriyi. Kondowole ndi usipa zikadalipo, koma tchipisi, mandasi ndi zakumwa za shuga zafikanso pakhomo lililonse.

Vutoli likugwera amayi kuposa abambo, ndipo maphunziro a kadyedwe amene tili nawo sanakonzedwe kuti awathandize. Amalankhula ndi mayi monga wophikira mwana, osati monga munthu amene thupi lake lingadwale chifukwa cha zimene akudya.

Kudziwa pamene thupi lapyola muyeso

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. BMI ikafika 25 munthu wapyola muyeso, ndipo ikafika 30 wanenepa kwambiri. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 amapyola muyeso akafika makilogalamu 64, ndipo amakhala wonenepa kwambiri akafika makilogalamu 77. Bungwe lomweli linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri.

Pali muyeso wina wosavuta umene aliyense angachite ndi tepi ya telala. Mayi amene sali woyembekezera ayeze mimba yake mozungulira, pamwamba pang'ono pa mafupa a m'chiuno. Ikapyola masentimita 80 ayenera kusamala, ndipo ikapyola masentimita 88 chiopsezo chakula. Muyeso umenewu ndi wofunika chifukwa mafuta a m'mimba, amene amakuta matumbo ndi chiwindi, ndi oopsa kuposa a m'ntchafu ndi m'matako.

Kutupa kosaoneka

Tonse timadziwa zimene zimachitika munthu akabayidwa ndi munga kapena akatuluka chithupsa. Pamalopo pamatupa, pamatentha ndipo pamapweteka. Ameneyo ndi asilikali a m'thupi amene athamangira kukamenyana ndi tizirombo. Akamaliza ntchito yawo kutupa kumatha ndipo chilonda chimapola. Kutupa kotereku n'kothandiza.

Koma pali kutupa kwina kwa m'kati, kosaoneka ndi maso ndiponso kosapweteka, kumene kumanyeka pang'onopang'ono ngati moto wa mankhusu. Kale akatswiri ankaganiza kuti mafuta a m'thupi ndi nkhokwe chabe yosungiramo chakudya chotsala. Mu 1993 Gökhan Hotamisligil ndi Bruce Spiegelman, ofufuza a mumzinda wa Boston ku America, anaonetsa kuti mafuta a mbewa zonenepa amatulutsa mankhwala oyambitsa kutupa. Mu 2003 ofufuza ena anapeza kuti mafuta akachuluka, asilikali a m'thupi amakhamukira m'mafutamo ngati kuti muli chilonda. Chilonda chimenechi sichipola, choncho mankhwala oyambitsa kutupawo amalowa m'magazi usana ndi usiku. Chiwindi chikamva uthengawo chimapanga chinthu chotchedwa CRP, chimene madokotala amachiyeza m'magazi pofuna kudziwa kukula kwa kutupako. Kafukufuku wa ku America amene anafalitsidwa mu 1999 anaonetsa kuti anthu onenepa amakhala ndi CRP yokwera, ndipo zimenezi zinaoneka kwambiri mwa amayi kuposa abambo.

Zotsatira zake zimadza patapita zaka. Thupi limaleka kumvera insulini, amene ntchito yake ndi kulowetsa shuga m'minofu, ndipo shugayo amatsalira m'magazi mpaka munthu kudwala matenda a shuga. Mitsempha ya magazi imauma ndi kuchepa m'kati, zimene zimathandizira kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Mawondo amatha msanga. Mayi wonenepa kwambiri akatenga pakati amakhala pa chiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi, shuga wa pamimba ndi kubereka kudzera pa opaleshoni. Akasiya kusamba, chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi ya m'kati mwa chiberekero chimakweranso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Wonenepa koma wochepa magazi

Chimene chimadabwitsa ambiri ndi chakuti mayi wa thupi lalikulu angathe kupezeka wochepa magazi. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a msinkhu wobereka anali ndi vuto la kuchepa magazi, ndipo kafukufuku wa michere ya m'thupi wa nthawi yomweyo anapeza kuti amayi oposa theka anali operewera mchere wa zinki. Zifukwa za kuchepa magazi ndi zambiri, monga malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi kubereka pafupipafupi, koma kunenepa nako kuli ndi mbali yake. Kutupa kwa m'kati kuja kumachititsa chiwindi kupanga chinthu chotchedwa hepcidin, chimene chimatseka njira imene ayironi amalowera m'magazi kuchokera m'matumbo. Choncho mayi wonenepa amatenga ayironi wochepa m'chakudya chimodzimodzi chimene mnzake wa thupi lapakati wadya.

Apa m'pamene tikuona kuti kukhuta ndi kudya bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'nyumba imodzi mungathe kupezeka mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa, onse akudyera m'mbale imodzi. Mwanayo sakukula chifukwa m'mbalemo mulibe zomanga thupi ndi michere yokwanira. Mayiyo akunenepa chifukwa m'mbale yomweyo mwadzaza zokhutitsa, mafuta ndi shuga. Gwero la mavuto awiriwa ndi limodzi.

Mbale ya ku Nkhata Bay

Palibe amene angalankhule za kadyedwe ka kuno osatchula kondowole. Chinangwa chapulumutsa boma lino m'zaka zimene madera odalira chimanga anali pa njala, ndipo malo ofufuzira zaulimi a ku Mkondezi akhala akugwira ntchito pa mbewu imeneyi pamodzi ndi mbatata. Koma tiyenera kudziwa chimene chili mu ufa wake. Ufa wa chinangwa pafupifupi wonse ndi chakudya chopatsa mphamvu basi. Zomanga thupi muli zochepa kwambiri, zochepa kuposa za mu ufa wa mgaiwa. Ubwino wa mbale ya makolo athu unali pa zimene zinkatsagana ndi kondowoleyo. Chigwada, ndiye kuti masamba a chinangwa chomwecho osinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira, chili ndi zomanga thupi, ayironi ndi mavitamini amene muzu wake ulibe. Usipa, umene timadya ndi mutu ndi minga yomwe, umapereka zomanga thupi, kashiamu, ayironi, zinki ndi mafuta a nsomba amene ndi abwino pa mtima. Makolowo ankadyanso mbale imeneyi atalima, atakwera mapiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu kapena atapalasa bwato.

Zinthu zitatu zasintha. Choyamba, nsomba ndi ndalama. Usipa wambiri wochokera m'madooko athu umakwera galimoto kupita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo banja losauka limagula kamulu kakang'ono kongokometsera msuzi. Nthochi, zimene kale zinali paliponse m'boma lino, zinachepa kwambiri chifukwa cha matenda a chisaka amene anafala m'mbali mwa nyanja kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ndalama ikatha mphamvu, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mabanja amayamba kuchepetsa ndiwo ndi zipatso. Nsima imakhala yomaliza kuchepa.

Chachiwiri, zakudya zatsopano zalowa. Mayi wogulitsa malonda pamsika kapena padepoti amachoka kunyumba m'mamawa ndi kubwerera dzuwa litalowa. Chimene chili pafupi naye ndi mandasi, tchipisi ya pachiwaya, buledi woyera ndi botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zambiri zoterezi limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8, pamene WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni pafupifupi 12 pa tsiku, kuphatikizapo wa mu tiyi, mu phala ndi mu thobwa. Mafuta ophikira nawo ali ndi mphamvu zoposa kawiri za ufa wolemera chimodzimodzi, kotero kuti ndiwo zosambira m'mafuta zimanenepetsa kuposa m'mene zimaonekera.

Chachitatu, thupi silikugwira ntchito monga kale. Mtunda umene mayi ankayenda wapansi tsopano amakwera kabaza, ndipo malonda ambiri ndi ochita chokhala.

Kodi kuphunzitsa kumathandiza?

Funso limeneli linayankhidwa ndi kafukufuku wa madokotala a mumzinda wa Naples ku Italy, motsogozedwa ndi Katherine Esposito, amene anafalitsidwa mu 2003. Anatenga amayi 120 onenepa kwambiri ndi kuwagawa m'magulu awiri. Gulu lina linkangopatsidwa malangizo wamba akuti azidya bwino ndi kulimbitsa thupi. Gulu linalo linkakumana ndi katswiri wa zakudya mobwerezabwereza kwa zaka ziwiri, mayi aliyense akuthandizidwa kuona zimene amadya, kuika cholinga ndi kuwonjezera masamba, zipatso, nyemba ndi mbewu zosakonola, pamodzi ndi kuyenda. Patatha zaka ziwirizo, amayi a gulu lachiwirili anali atachepetsa thupi kuposa anzawo, ndipo CRP ndi zizindikiro zina za kutupa zinali zitatsika m'magazi awo.

Ku America, kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga, ambiri mwa iwo amayi. Amene anaphunzitsidwa mwandondomeko kusintha kadyedwe ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi 58 peresenti. Cholinga chimene anapatsidwa chinali kuchotsa makilogalamu 7 okha pa makilogalamu 100 alionse a kulemera kwawo.

Maphunziro awiri akuoneka pamenepa. Loyamba ndi lakuti uthenga wongomva kamodzi pamsonkhano kapena pa wailesi susintha mbale. Chimene chimasintha mbale ndi kukumana kawirikawiri, kulimbikitsana ndi kulondoloza. Lachiwiri ndi lakuti sipafunika kuti mayi awonde ngati mtsikana kuti apeze phindu. Mayi wolemera makilogalamu 80 akachotsa makilogalamu 4 mpaka 8, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kale kutsika. Ndipo sitifunika kudikira zakudya za ku Italy. Mtedza, mapeyala, nyemba, nandolo, usipa, bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, mango, magwafa ndi mapapaya zili ndi ubwino womwewo.

Chifukwa chake uthenga sukufika

Dziko lino lili ndi maziko abwino. Tili ndi chiphunzitso cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Malawi analowa m'gulu la mayiko olimbikitsa kadyedwe kabwino la Scaling Up Nutrition mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo magulu a amayi a m'midzi otchedwa ma care group, mothandizidwa ndi alangizi a zaumoyo, akhala akuphunzitsa za kuyamwitsa, phala la mwana ndi ukhondo. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Koma maso ake ali pa mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka ziwiri. Mayi wa zaka 45, amene analeka kupita ku sikelo kalekale, amakumana ndi wa chipatala pokhapokha atagwa. Ndiponso chiphunzitso cha magulu a zakudya chimanena zoyenera kupezeka m'mbale, koma sichinena zambiri za kuchuluka kwake. Mayi amene wamva kuti mafuta ndi gulu limodzi la zakudya, ndiponso kuti shuga wa m'sitolo ali ndi vitamini A, monga zakhalira kuyambira mu 2012, sangaganize kuti zinthu zomwezi zingamudwalitse zikachuluka.

Palinso maganizo athu. Mayi akanenepa timati banja lamuyanja, mwamuna akumusamala, kapena ndalama za ku Joni zikufika. Akawonda timanong'onezana. Zaka zowawa za mliri wa Edzi, pamene mankhwala a ma ARV anali asanafale, zinasiya mantha akuti kuwonda ndi chizindikiro cha matendawa, ndipo mayi amene wachepetsa thupi mwadala amaopa zimene anthu anganene patchalitchi ndi pachitsime. Pamwamba pa izi, kuyambira mu 2019 dziko lino linayamba kupereka ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ndi amphamvu kwambiri polimbana ndi kachirombo, koma kafukufuku wa ku Johannesburg wa chaka chomwecho anaonetsa kuti ena omwa mankhwalawa, makamaka amayi, amawonjezera thupi. Amene akumwa mankhwalawa asaleke ngakhale tsiku limodzi. Chofunika ndi kuuza a chipatala za kulemera kwawo ndi kusamala kadyedwe.

Chomaliza ndi chakuti mayi sadya yekha. Ngati bambo akuona ndiwo zosakazinga ngati chipongwe, ndipo akuti masamba ndi chakudya cha mbuzi, mayi sangaphike miphika iwiri. Maphunziro amene aiwala abambo amathera pakhomo la khitchini.

Zimene tingachite

Inu akatekisi, atsogoleri a miphakati ndi a bungwe la amayi, muli kale ndi chinthu chofunika kwambiri: magulu a anthu odziwana amene amakumana sabata ndi sabata. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi amene akusintha kadyedwe ali ndi anzake amapirira kuposa amene ali yekha. Sitikunena kuti mukhale madokotala. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino kuti adzaphunzitse ndi kuyeza anthu kuthamanga kwa magazi, ndipo amene apezeka ndi vuto muwalimbikitse kupita ku chipatala cha boma kukayezetsanso shuga. CRP si yofunika kuifunafuna, pakuti malungo ndi matenda ena amaikwezanso. Tepi, sikelo ndi makina oyezera magazi ndi zokwanira kuchenjeza munthu.

Uthenga wake ukhale wosavuta. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, gawo lina usipa, nyemba kapena dzira, ndipo nsima ikhale yochepa kuposa m'mene tinazolowera. Kumene kuli kotheka, kondowole azisinthana ndi mgaiwa kapena mbatata yofiira m'kati. Mafuta athiridwe ndi supuni, osati kungopendeka botolo, ndipo masiku ena ndiwo zizitenderedwa ndi nsinjiro. Mchere wa tsiku lonse usapyole magalamu 5, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Ludzu lithetsedwe ndi madzi. Chipatso chilowe m'malo mwa mandasi. Ulendo waufupi uyendedwe wapansi, mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba, kothiriridwa ndi madzi otsukira mbale, kamachepetsa ndalama zogulira ndiwo.

Pakhalenso machenjezo. Mayi woyembekezera asayambe kuchepetsa thupi payekha, koma atsate malangizo a ku sikelo. Tiyi ndi mankhwala ochepetsa thupi ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp apewedwe, pakuti palibe amene angatsimikize zimene zili m'katimo. Kudzimana chakudya tsiku lonse kenaka n'kudya mbale yodzaza usiku sikuthandiza. Ndipo amene thupi lake lafufuma mwadzidzidzi, makamaka miyendo ndi nkhope, athamangire ku chipatala, chifukwa kumeneko kungakhale kudwala kwa mtima kapena impso.

Tiyang'anenso zimene ifeyo timaika patebulo pa misonkhano, pa zikondwerero ndi pa maphunziro athu. Ngati tiphunzitsa za kadyedwe kabwino m'mawa, kenaka pa nthawi yopuma n'kugawa mandasi ndi mabotolo a zakumwa za shuga, anthu adzatsata zimene taika patebulo. Mtedza wokazinga, chinangwa kapena mbatata yophika, zipatso za nyengoyo ndi madzi abwino sizidula kuposa kireti ya zakumwa.

Koposa zonse, nkhani imeneyi ikambidwe mwaulemu. Mayi wonenepa si waulesi kapena wosusuka. Nthawi zambiri ndi amene amadzuka woyamba ndi kugona womaliza, amene amapatsa bambo ndi ana nsomba iye n'kukhutira nsima ndi msuzi. Kumuseka kumangomutalikitsa ndi chithandizo. Amayi amenewa ndi amene akulera ana ndi zidzukulu, akulipira sukulu ndi malonda awo ang'onoang'ono, ndipo mmodzi akafa ziwalo ali ndi zaka 50, banja lonse limagwa naye. Mphakati uliwonse m'tauni muno ungathe kuyamba mwezi uno ndi zinthu zitatu: tepi ya telala, tsiku loitana mlangizi wa zaumoyo, ndi mgwirizano wakuti abambo nawo adzakhalepo.